Wapampando wa Komiti ya Sukulu Akakana Kuyenda ndi Anzake

Pa sukulu ya pulayimale iliyonse m'Malawi pali ntchito yochuluka imene imagwiridwa ndi anthu osalandira malipiro. Anthuwa ndi makolo amene amatuta mchenga ndi kuumba njerwa, amayi amene amalawirira kukaphika phala kusanache, ndiponso amuna ndi akazi ochepa amene anasankhidwa kukhala m'makomiti kuti aziyang'anira zonsezi m'malo mwa anzawo. Popeza palibe amene angadulidwe malipiro kapena kuchotsedwa ntchito, chimene chimamanga gulu lotere pamodzi ndi kukhulupirirana kokha, ndipo n'chifukwa chake wapampando akayamba kuzemba misonkhano, kusunga makalata kunyumba kwake kapena kugamula nkhani payekha, ntchito imaima msanga kuposa mmene ingaimire mu ofesi ya boma kapena pa kampani. Makolo ambiri amadziwa kudandaula za mtsogoleri wotere, koma ndi ochepa amene amadziwa kuti mphamvu zake n'zobwereka kwa iwo eni, ndiponso kuti pali njira zozibwezera popanda kugawanitsa mudzi.

Udindo wa makolo pa sukulu unakula kwambiri kuyambira m'chaka cha 1994, pamene boma la Bakili Muluzi linathetsa fizi ya ku pulayimale ndipo chiwerengero cha ophunzira chinakwera m'chaka chimodzi kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni. Makalasi, zimbudzi ndi nyumba za aphunzitsi sizinakwanire, ana ambiri anaphunzirira pansi pa mitengo, ndipo zinaonekeratu kuti boma palokha silingathe kumanga ndi kusamalira zonse zofunika. Ndondomeko yopereka mphamvu ku makhonsolo ya 1998, ndondomeko ya 2004 yolimbikitsa anthu a m'madera kutenga mbali pa kayendetsedwe ka sukulu za pulayimale, komanso lamulo la maphunziro la 2013 limene linalowa m'malo mwa lamulo la 1962, zonsezi zinakankhira ntchito yambiri m'manja mwa anthu a m'dera. Lero pa sukulu zambiri pali magulu atatu amene anthu amawasokoneza kawirikawiri. Komiti yoyendetsa sukulu, imene ambiri amangoitchula kuti SMC, ndiyo imayang'anira chuma, katundu ndi chitukuko cha sukulu mogwirizana ndi mphunzitsi wamkulu. PTA ndi bungwe la makolo onse ndi aphunzitsi onse, ndipo komiti yake imasonkhanitsa makolo, kumva madandaulo awo ndi kufunsa SMC mmene ntchito ikuyendera. Mother Group ndi gulu la amayi a m'dera limene limalangiza atsikana, kulondola ana amene asiya sukulu ndi kuthandiza atsikana amene anabereka kuti abwerere m'kalasi, monga mmene ndondomeko ya boma yoyambira mu 1993 imalolera.

Mpando wa komiti yoyendetsa sukulu unayamba kulemera pamene ndalama zinayamba kufika pa sukulu mwachindunji. Kudzera m'ndondomeko yotukula sukulu za pulayimale imene inayambira m'maboma ochepa mu 2010 kenako n'kufalikira dziko lonse, sukulu iliyonse imalemba mapulani ake a chitukuko ndipo imalandira thandizo la ndalama lotchedwa SIG, limene limalowa mu akaunti ya sukuluyo ku banki. Ndalamazi sizitapidwa ndi munthu mmodzi, koma pamafunika siginecha za anthu angapo, ndipo kawirikawiri mtsogoleri wa makolo amakhala mmodzi mwa osainirawo. Cholinga chake n'chabwino, chifukwa chimatchinga mphunzitsi wamkulu kuti asamagwiritse ntchito ndalama mmene wafunira, koma zotsatira zake n'zakuti wapampando amene wakwiya, amene wapita ku ulendo osatsanzika kapena amene akufuna kuti simenti igulidwe ku sitolo ya mlamu wake angathe kuimitsa ntchito yonse pongokana kugwira cholembera.

Kusamvana ndi anzake kwa wapampando kumaoneka m'njira zosiyanasiyana, ndipo anthu amalakwitsa akamazitenga zonse ngati nthenda imodzi. Pali wapampando wosapezeka, amene analandira udindo chifukwa cha ulemu wake koma ali wotanganidwa ndi bizinesi kapena munda wakudimba, moti teremu imatha komiti isanakumane. Pali wina amene amapezeka mopitirira muyeso, wolankhula kuyambira pemphero lotsegulira mpaka lotsekera, amene amayankha yekha mafunso opita kwa msungichuma ndipo maganizo a wina aliyense amawaona ngati kumuderera. Mtsogoleri wotereyu nthawi zambiri sakhala munthu woipa mtima. Anasankhidwa chifukwa ndi mkulu wa mpingo, wopuma ntchito ya boma, mbale wa mfumu kapena munthu wopezako bwino amene angathe kubwereka ngolo yake pa tsiku lotuta mchenga, ndipo m'malo onse amene anazolowera mawu ake ankakhala omaliza. Maphunziro amene makomiti amapatsidwa ku likulu la zoni amakhala a masiku ochepa, amafika mochedwa, ndipo nthawi zina amangopitako atsogoleri awiri kapena atatu, motero munthu amakhala pa mpando popanda womuuza pamene mphamvu zake zikuthera.

Chifukwa china chimene sichitchulidwa kawirikawiri ndi manyazi. Mafomu a mapulani a sukulu, makalata ochokera ku ofesi ya maphunziro ya boma ndi zikalata za ku banki zambiri zimabwera m'Chingerezi, ndipo wapampando amene analekezera sukulu m'makalasi apansi angasankhe kuika kalata m'thumba la jekete n'kukhala chete kusiyana n'kuvomera pamaso pa anthu amene amamulemekeza kuti sakumva zimene zalembedwamo. Anzake amaona ngati akubisa kanthu, iye amaona ngati akumusaka, ndipo chidani chimakula pa nkhani imene ikanatha komiti ikanangogwirizana kuti kalata iliyonse yofika iziwerengedwa mokweza ndi mlembi n'kumasuliridwa m'chilankhulo cha m'deralo, kaya ndi Chichewa, Chiyao, Chitumbuka kapena Chisena. Pamwamba pa izi pali nkhani ya alawansi, ndalama zochepa zimene zimaperekedwa pa maphunziro ndi misonkhano ya mabungwe, zimene zadanitsa makomiti ambiri chifukwa wapampando amapita yekha ulendo uliwonse ndipo sabwera kudzafotokoza zimene wamva.

Chimene makolo amachita kawirikawiri akakhumudwa ndicho kungosiya kubwera. Salankhula pa msonkhano, koma nkhani imakambidwa pa mjigo, pa chigayo ndi pa maliro, ndipo m'sukulu za m'tauni imakambidwa pa gulu la WhatsApp limene wapampandoyo sanaikidwemo. Njira imeneyi imaoneka yaulemu chifukwa palibe amene wanyozedwa pamaso, komatu amene amalangidwa nayo si wapampando. Pa sukulu zimene zimalandira ufa wa phala kuchokera ku mabungwe monga Mary's Meals, bungwe limene linayamba kudyetsa ana m'Malawi mu 2002, kapena World Food Programme, ophika ndi anthu ongodzipereka amene amasinthana malinga ndi midzi yawo. Amayi a mudzi umene wafika tsiku lake amayenera kufika kukadali mdima atasenza nkhuni, kutunga madzi odzaza miphika ikuluikulu, kusonkha moto ndi kutakasa phalalo ndi mithiko italiitali kuti lipse ana asanalowe m'kalasi kapena pofika nthawi yopuma. Mudzi umodzi ukanyanyala chifukwa chokwiyira komiti, ufa umakhala uli m'chipinda chosungiramo katundu, ana amafika ndi makapu awo m'manja n'kupeza mbaula zozizira, ndipo ena mwa iwo, makamaka m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale pamene nkhokwe zambiri zimakhala zitatha, sabweranso tsiku lotsatira.

Choyamba chimene mamembala odandaula ayenera kuchita ndicho kulekanitsa zimene akudziwa ndi zimene angomva. Mawu akuti wapampando ndi wodzikonda sathandiza aliyense woweruza nkhani, pamene mawu akuti komiti sinakumane kuyambira teremu yoyamba, kapena akuti malata anagulidwa popanda mfundo yolembedwa yovomereza, angathe kutsimikizidwa kapena kutsutsidwa. Apa m'pamene kufunika kwa mlembi kumaonekera, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti udindo umenewu umaperekedwa mwachisawawa kwa aliyense amene ali ndi zilembo zooneka bwino. Buku la maminitsi, ndiko kuti kaundula wa zokambirana ndi mfundo zomangidwa pa msonkhano uliwonse, likhoza kukhala kope wamba lachikuto cholimba, koma likamalembedwa tsiku, mayina a opezekapo, mfundo imene yamangidwa, munthu woti aichite ndi tsiku loti ithe, kenako n'kuwerengedwa poyamba pa msonkhano wotsatira, limachotsa m'manja mwa munthu mmodzi mphamvu yonena kuti zimene anthu akukumbukira si zimene zinagwirizanidwa. Bukuli liyenera kusungidwa pa sukulu, osati kunyumba kwa wapampando kapena kwa mlembi.

Zikadziwika bwino zimene zalakwika, nkhani iyambire kumbali. Munthu wamkulu akadzudzulidwa pagulu amayamba kuteteza ulemu wake m'malo moyankha funso, ndipo abale ake ndi a mpingo wake amaima naye ngakhale akudziwa kuti walakwa. Monga mmene ankhoswe amayambira kumva mbali zonse m'nyumba nkhani ya banja isanafike pa bwalo la mfumu, anthu awiri a m'komiti amene wapampandoyo amawamvera, makamaka wina wa msinkhu wake, angathe kupita kwawo madzulo n'kuyamba ndi kufunsa m'malo moimba mlandu. Mawu onga akuti, "A Tcheya, tabwera kuti mutithandize nzeru, chifukwa makolo akutifunsa za ndalama za zimbudzi ndipo ife tikusowa chowayankha," amamupatsa mpata wofotokoza ndiponso wosintha popanda kuoneka ngati wagonja. Kucheza kotere kusathere pa kupepesana chabe, koma pa chinthu chooneka, monga tsiku la msonkhano wotsatira kapena lonjezo lakuti malisiti adzabwera nawo pa tsikulo, ndipo amene anapitawo akafotokozere komiti yonse zimene agwirizana kuti pasaoneke ngati pabadwa kagulu kena kamseri.

Ngati zimenezi sizinaphule kanthu, komiti ikumbukire kuti wapampando ndi wotsogolera zokambirana, ndipo mfundo imamangidwa ndi mamembala ambiri, osati ndi mpando. Komiti ingathe kugwirizana masiku a misonkhano ya chaka chonse pasadakhale, mwachitsanzo sabata yachiwiri ndi sabata yomaliza ya teremu iliyonse, kuti msonkhano usamadikire kuitana kwa munthu mmodzi, ndipo iye akapanda kufika wachiwiri wake atsogolere, chifukwa ndiyo ntchito imene anasankhidwira. Ingathenso kugawa ntchito m'timagulu, ena oyang'anira zomangamanga, ena phala, ena kujomba kwa ana, aliyense n'kumapereka lipoti lake mwachindunji. Njira yamphamvu koposa ndiyo kuika chuma poyera. Pepala lolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu losonyeza ndalama zimene zalowa, zimene zagulidwa ndi zimene zatsala, likamatidwa pa khoma la ofesi ya mphunzitsi wamkulu pamene kholo lililonse lingawerenge, mphekesera zambiri zimatha zokha, ndipo mtsogoleri amene akukana kuti pepala lotere limatidwe amakhala wadziulula yekha pamaso pa anthu.

Mphunzitsi wamkulu ali pa malo ovuta pa mkangano wotere, ndipo makolo asadabwe akamuona akuzengereza. Iye ndi wantchito wa boma amene nthawi zambiri ndi wobwera m'deralo, amakhala m'nyumba imene anamanga ndi makolo omwewo, ndipo amadziwa kuti komiti ikamuda ingathe kukapempha kuti asamutsidwe. Komanso nthawi zina vuto limakhala lakuti iye ndi wapampando ndi ogwirizana kwambiri moti mamembala ena a komiti amangomva zinthu zitachitika kale. Mfumu nayo ili ndi mbali yake, popeza nyakwawa ndi gulupu ndiwo amamemeza anthu ku ntchito ya chitukuko, amaika chindapusa kwa makolo osatumiza ana ku sukulu, ndipo m'madera ena a m'chigawo chapakati amalola gule wamkulu kuperekeza ana ojomba. Mawu a mfumu angathe kufewetsa wapampando amene wakanika kwa wina aliyense. Koma sukulu imodzi imatumikira midzi ingapo, ndipo nkhani ikapita kwa mfumu imodzi yokha, makamaka ngati wapampandoyo ndi mphwake kapena wa mudzi wopikisana nawo, mkangano wa komiti umasanduka mkangano wa midzi, umene umatenga zaka kuti uthe. N'kwabwino kuitana mafumu onse ozungulira sukuluyo limodzi, ndipo pa sukulu zimene eni ake ndi mipingo kapena mabungwe achipembedzo, monga za Katolika, CCAP, Anglican ndi za Asilamu, woimira eni sukuluwo adziwitsidwenso.

Nkhani ikakanika pa sukulu, munthu woyenera kumuona ndi mlangizi wa maphunziro a pulayimale wa m'zoni, amene amadziwika ndi dzina lakuti PEA. Zoni ndi gulu la sukulu zoyandikana, ndipo mlangiziyu amakhala ndi ofesi pa malo ophunzitsira aphunzitsi otchedwa TDC, kumene amalumikiza sukuluzo ndi ofesi ya maphunziro ya boma lonse ku khonsolo. Dandaulo lopita kwa iye likhale lolembedwa, lalifupi, lotchula masiku ndi zochitika, losainidwa ndi mamembala angapo, ndipo linene zimene komiti yayesa kale ndi chimene ikupempha, kaya ndi kudzakhala nawo pa msonkhano, kudzaphunzitsanso komiti yonse za maudindo ake kapena kudzayang'anira chisankho. Kalata yopanda dzina imene yaponyedwa pansi pa chitseko siipatsa ofesi poyambira, ndipo imangowonjezera kukayikirana. Wapampando apatsidwe kope la kalatayo, chifukwa munthu ali ndi ufulu womva chimene akunenezedwa ndi kuyankhapo.

Pomaliza pa zonse pali msonkhano waukulu wa makolo, umene ndiwo gwero la mphamvu za komiti. Udindo wa m'komiti uli ndi nthawi yake yothera, ndipo mavuto ambiri a atsogoleri okakamira amayamba chifukwa chakuti nthawiyo inadutsa kalekale popanda woikumbutsa, moti pena wapampando amakhalabe pa mpando ana ake onse atalemba kale mayeso a Sitandade 8 n'kuchoka. Kupempha chisankho pa nthawi yake si chipongwe kwa munthu aliyense, ndipo kumapereka njira yotulukira mwaulemu imene kuchotsa munthu pakati pa nthawi yake sikupereka. Pamene anthu akuopa kukweza manja pamaso pa munthu amene mawa adzamupempha ngongole ya feteleza, kuvota kwachinsinsi pa timapepala kumapereka zotsatira zoona kuposa kuimika anthu pa mzere kumbuyo kwa amene akumufuna. Tiyeneranso kunena kuti amayi, amene amagwira gawo lalikulu la ntchito ya tsiku ndi tsiku pa sukulu, ndiwo amakhala pansi pa mphasa kumbuyo pa misonkhano yambiri pamene abambo ali pa mabenchi kutsogolo, ndipo wotsogolera msonkhano amene sapereka mwadala mpata kwa a Mother Group ndi ophika phala amataya umboni wa anthu amene amaona zambiri.

Nkhani ya ndalama zosowa ndi yosiyana ndi zonsezi, ndipo siyenera kuthera pa kukhululukirana. Ndalama za SIG ndi za boma, ndalama zimene makolo amasonkha ndi za anthu osauka amene ena anagulitsa nkhuku kuti apereke, ndipo ufa wa phala ndi chakudya cha ana. Malisiti akasowa, katundu wogulidwa akapanda kufanana ndi zolembedwa kapena matumba a ufa akachepa m'chipinda chosungiramo, komiti ipemphe ofesi ya maphunziro kuti itumize owerengera chuma, ndipo umboni ukapezeka nkhaniyo ndi ya apolisi kapena bungwe lolimbana ndi ziphuphu la Anti-Corruption Bureau. Chizolowezi cholola munthu kubweza pang'onopang'ono mwakachetechete n'kupitiriza udindo wake chimaphunzitsa komiti yotsatira kuti kutenga ndalama za sukulu ndi ngongole yopanda chiwongoladzanja. Mbali inayo, kutchula munthu kuti wakuba pagulu kapena pa WhatsApp popanda umboni kumawononga mbiri imene sibwereranso, kungafikitse wonenayo ku khoti, ndipo kumachititsa anthu okhulupirika kukana maudindo a m'komiti poopa kunyozedwa.

Mamembala odandaula ayeneranso kudzifunsa moona mtima ngati wapampando amene akumutcha wovutayo sakukana chinthu choyenera kukanidwa. Mtsogoleri amene akukana kusainira cheke chosalembedwa kuchuluka kwa ndalama, amene akuumirira kuti mitengo ya katundu ifunsidwe m'masitolo angapo asanagule, kapena amene akutsutsa zoti ana abwezedwe kunyumba chifukwa makolo awo sanapereke ndalama ya chitukuko, pamene lamulo likunena kuti maphunziro a pulayimale m'sukulu za boma ndi aulere, amachedwetsadi ntchito ndipo amatopetsa anzake, koma akuchita chimene anasankhidwira. Pamene komiti yonse ndi mphunzitsi wamkulu agwirizana pa njira yachidule, munthu mmodzi wokana amaoneka ngati ndiye vuto, ndipo n'chifukwa chake woweruza wochokera kunja, monga PEA, ayenera kuona mabuku asanamve kuchuluka kwa odandaula.

Wapampando akachoka, kaya mwa chisankho kapena mwa kutula pansi udindo, ntchito imene imaiwalika ndiyo kupatsirana katundu. Buku la maminitsi, buku la ndalama, malisiti, makiyi a chipinda chosungiramo katundu, chidindo ngati chilipo ndi mndandanda wa zinthu monga matumba a simenti, mawilibala ndi miphika ziyenera kuwerengedwa pamaso pa komiti yakale, komiti yatsopano ndi mphunzitsi wamkulu, onse n'kusainira pepala limodzi. Mayina a osainira ku banki asinthidwe mwamsanga, chifukwa banki imafuna kalata ndi maminitsi a msonkhano umene unasankha atsogoleri atsopano, ndipo zikachedwa sukulu imapezeka ikupemphabe siginecha kwa munthu amene yangomuchotsa. Wochokayo athokozedwe pagulu pa zimene anachita bwino, ndipo ngati sanachoke chifukwa cha kusakhulupirika pa chuma, apatsidwe ntchito ina yogwirizana ndi luso lake, monga kuyang'anira amisiri pa mdadada umene ukumangidwa, popeza iye adzakhalabe m'mudzi momwemo, adzukulu ake adzalowa Sitandade 1 pa sukulu yomweyo, ndipo abale ake ali m'gulu la anthu amene komiti yatsopano idzawaitane tsiku lotuta mchenga.